Kusaka nyanja pa msewu wa M5

Kutentha kumakuchingamira usanafike ku Salima. Tinanyamuka ku Lilongwe m'mamawa, mwezi wa Julaye chaka cha 2024, titavala majuzi, mazenera a galimoto ali chitsekere. Titapitirira pa Chezi, pomwe amayi anali atayala kale tomato, kabichi ndi anyezi, msewu wa M14 unayamba kutsetsereka mokhotakhota, makutu n'kumatsekeka, ndipo pofika kumunsi kumene milambe imayambira kuoneka m'minda, aliyense anali atavula juzi n'kuikhalira.

Tinalipo atatu: achemwali anga, amuna awo amene ndi eni galimoto, ndi ine. Ulendo wonse alamu anali ataulemba kuseri kwa envelopu. Lilongwe mpaka Salima, makilomita pafupifupi 100. Salima mpaka Nkhotakota, opitirira pang'ono 100. Nkhotakota mpaka Nkhata Bay, pafupifupi 200. Kagalimoto kawo kamamwa lita imodzi pa makilomita 12, ndipo petulo nthawi imeneyo anali pa K2,530 lita, choncho popita ndi pobwera anaika padera K190,000 ya mafuta okha. Masamuwo analibe vuto. Chimene sichinalembedwe pa envelopupo n'chakuti msewu umene tonse timautcha wa m'mbali mwa nyanja umakuyendetsa maola ambiri usanakuonetse nyanjayo.

Pa Kaphatenga ndi pomwe M5 imapatukira kumanzere kulowera kumpoto, koma ife tinayamba tapitirira, poti achemwali anati sangadutse ku Salima osaponda mchenga wa ku Senga Bay. Kuchokera pa Kamuzu Road kukafika kugombe ndi makilomita 20 ndi kanthu. Salima ndi dziko la njinga. Malo ake ndi achidikha, palibe chitunda chotopetsa munthu, ndiye akabaza ali ponseponse, mabelu ali ngilingili, uyu wanyamula mayi ndi mwana kumsana, uyo thumba la chimanga chopita kuchigayo, winayo mbuzi yomanga miyendo ikulira njira yonse. Ukawoloka njanji n'kutuluka m'tauni, m'mbali mwa msewu mumayamba mipando ndi matebulo olukidwa, madengu, mikeka, kenaka ziboliboli za mvuu ndi njovu zimene anyamata amazipaka polishi wa nsapato mpaka zimachita kunyezimira.

Nyanja tinayamba kuimva tisanaione. Mwera unali utauka, mafunde akumenya gombe kuti phwaa, phwaa, mchenga ukuuluka n'kumatibaya m'miyendo. Chaka chimenecho madzi anali atakwera kuposa m'mene anthu anawaonera kwa zaka zambiri, moti gombe lotambalala limene achemwali ankalikumbukira linali litamira. Mitengo inaima m'madzi, zisakasa zopumirapo alendo zinangotsala madenga, ndipo eni malo ogona anali ataunjika matumba a mchenga kutsogolo kwa makhonde. Chilumba cha Namalenje chinali poteropo, miyala yake ili mbee ndi zitosi za mbalame. Mabwato onse anali kumtunda, asodzi atakhala pansi pa mtengo akusoka makoka, ena akusewera bawo.

"Lero simulowa?" anafunsa alamu.

"Tilowe kuti, bwana? Nyanja yakwiya. Mwina mkuja."

Mathandala oyanikapo usipa anali mbali imodzi gwaa, ndipo kambale ka usipa wouma kamene ndinagula kanandidya K2,000, mayi wogulitsa osalola kuchotsa ngakhale K100. Umu ndi m'mene nyengo ya mwera imakhalira: kunja kumazizira bwino, udzudzu umachepa, misewu ya dothi imakhala youma, koma nsomba zimadula ndipo za kukwera boti umayamba wafunsa eni nyanja. Ofuna madzi odekha amabwera mu Seputembala kapena Okutobala, n'kulipira ndi thukuta. Nyengo ya dzinja dziko limabiriwira, koma mitsinje yotsika m'mapiri imatha kukokolola mlatho usiku umodzi, munthu n'kugona kutsidya kumene sanakonzekere.

Tisanabwerere pa Kaphatenga, alamu anadzaza thanki, anapopetsa matayala onse kuphatikizapo la sipeya, ndipo anaonetsetsa kuti jeke ndi sipanala zili m'malo mwake. Iwo lamulo lawo n'loti pa msewu uno ukaona pomwetsera mafuta pali mafuta, umamwetsa, ngakhale thanki ili theka. Achemwali anatapa ndalama zapamanja. Za pafoni zimagwira ntchito m'matauni, koma mnyamata wothamanga ndi nsomba pa mlatho alibe nthawi yoti uzimufunsa nambala.

Kuchokera apo kulowera kumpoto ndi chigwa chokhachokha. Milambe, migwalangwa, minda ya thonje yokolola kale, nzimbe cha uko, midzi ya nyumba za njerwa zosawotcha, ng'ombe zikuwoloka mosafulumira. Khombedza, Thavite, Benga. Msewu unali wopapatiza, m'mbali mwake phula litadyeka, ndipo m'malo ena munali anthu akuukonza, tikumapatutsidwira m'njira za fumbi lofiira limene linalowa mpaka m'chikwama cha buledi. Milatho yambiri ndi yodutsa galimoto imodzi. Amene wayamba kufika ndiye amalowa, winayo amadikira kutsidya, koma lole ikakuthwanimitsira magetsi umangoipatsa njira ngakhale unayamba ndiwe. Pa rodibuloko apolisi anafunsa laisensi, anayang'ana mapepala a pagalasi, anatiuza titsegule kumbuyo aone mathirayango, kenaka anatifunira ulendo wabwino. Ine kumpando wakumbuyo msana unali utayamba kudandaula.

Nyanja ili kudzanja lamanja, makilomita angapo kuseri kwa mitengo, koma suiona. Zimene umaona ndi zizindikiro zake zokha: njinga zonyamula madengu a nsomba zikutuluka m'tinjira ta mchenga, zikwangwani za malo ogona zoloza kum'mawa, bwato losema theka lili pansi pa mtengo wa mango, mmisiri akuligoba ndi kasemasema.

"Abambo, kodi nyanja munatilonjeza ija ili kuti?" anatero achemwali.

"Ikubwera, mayi. Dikirani pa Chia."

Pa Chia madzi amangotulukira mwadzidzidzi. Msewu umakwera mlatho, kumanzere kuli thamanda lalikulu la Chia lozunguliridwa ndi mabango, mabwato ali tayale, akakowa akuyendayenda m'mphepete, ndipo kumanja kuli khwawa limene madziwo amatulukira kukalowa m'nyanja. Galimoto isanaime n'komwe, anyamata anali atatizinga, aliyense atatukula nsomba zotunga pa luzi, madzi akudontha, mamba akung'anima padzuwa. Chambo, kampango, milamba yakuda ikadaphiriphitha. Fungo la nsomba zaziwisi linasakanikirana ndi la utsi wa zowamba ndi mafuta a pachiwaya.

"Izi za m'mawa uno, amayi, onani makha ake! K20,000 zonse zinayi."

Achemwali sanayankhe. Anatenga chambo chimodzi, anachitsegula makha, anachidina ndi chala pamsana kuona ngati mnofu ubwerera, anachinunkhiza, n'kuchibweza. Mtengo unatsika wokha kufika pa K16,000. Anayamba kukweza galasi la zenera. Unafika pa K14,000, ndipo anagula. Alamu anamangirira nsombazo pa galasi loonera kumbuyo la kunja, monga amachitira aliyense wochoka ku nyanja, kuti mphepo izizipita m'malo moti zinunkhitse mipando. Zinatinunkhirabe.

Kuchoka pa Chia kukafika ku Nkhotakota ndi makilomita 20 ndi kanthu, ndipo nyanja imabisalanso. Tinapatukira kumanja pa kamsewu ka dothi kopita kumene amaumba mbale ndi makapu, ku Nkhotakota Pottery, tikudutsa m'minda ya chinangwa ndi m'madimba a mpunga, ana akutibayibitsa. Tinagona chakumeneko, pa malo ena a m'mphepete mwa madzi, chipinda K35,000, ndipo wophika wa pamalopo anavomera kutiwotchera chambo chathu tikamupatsa ya makala ndi ya dzanja. Usiku mphepo inagwa pang'ono. Kutali pamadzi kunaoneka mzere wa nyali, asodzi a usipa ataloweratu: siginala amakhala m'bwato ndi nyali zake kuitana nsomba, anzake n'kuzizinga ndi chilimira. Neti ya pabedi langa inali ndi kabowo kamodzi, ndipo udzudzu umodzi unakapeza.

Nkhotakota ndi tauni yofunika kuiyenda wapansi. Kumsewu waukulu kuli mabanki, sitolo ndi minibasi zoitanira Dwangwa ndi Salima, koma tauni yeniyeni ili kumunsi, kulowera kunyanja, kumene nyumba zakale zinathinana pansi pa mitengo ya mango, abambo a mikanjo yoyera akuchokera kumzikiti, amayi akupeta mpunga pakhonde. Mpunga ndiwo fungo la kuno. Pamsika amaugulitsa m'mabeseni, kilombero ndi faya, ndipo wogulitsa amakutapira pang'ono m'dzanja kuti ununkhize wekha.

Mkuyu umene anthu amautcha mtengo wa Livingstone uli m'bwalo la mishoni ya Anglican, pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Ndi waukulu zedi, mizu yake inatukula nthaka, ndipo pamthunzi pake tinapeza anthu odikirira odwala atayala zitenje, akudya chinangwa chophika. Pamenepa ndi pomwe amati David Livingstone anakumana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 n'kumupempha kuti aleke malonda a akapolo. Jumbe woyamba, Salim bin Abdullah, anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840, ndipo Nkhotakota inasanduka doko limene anthu ogwidwa kumtunda ankawalongedza m'zombo za matanga kuwawolotsera kutsidya la kum'mawa, kuti akayambe ulendo wapansi wopita ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere. Jumbe sanamvere. Malondawo anapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1890. Titatsikira kudoko ndinaima n'kuyang'ana kutsidyako, mapiri a ku Mozambique akuoneka mwa chizimezime, ndipo ndinayesa kuganiza za munthu wa ku Kasungu amene sanaonepo madzi ochuluka chotere, akuwaona koyamba ali m'goli. Pafupi nane mayi wina ankatsuka mapoto ndi mchenga, wailesi ili pamwala.

M'tchalitchi cha All Saints, pamishoni pomwepo, muli manda a Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja muno mu 1895 bwato lake litakumana ndi namondwe, atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma. Sitima ina yakale ya pa nyanjayi inatchulidwa dzina lake pomukumbukira. Tauni yomweyi ndi imene inalandira msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party mu 1960, pomwe Dr Kamuzu Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipanicho wa moyo wake wonse. Ndipo kunja pang'ono kwa tauni kuli akasupe a madzi otentha a Mawira, kumene tinapeza anthu akuchapa ndi kusamba. Ndinaviika chala. Ndinachichotsa msanga.

Zonsezi zinatidyera m'mawa wonse, umene pa envelopu ija unalembedwa kuti "kumwa tiyi, kunyamuka". Alamu anayang'ana wotchi kangapo, koma iwo omwe ndi amene anachedwa kutuluka m'tchalitchi.

Kumpoto kwa tauni msewu umawoloka mtsinje wa Bua, umene umatsika kuchokera m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota. Mumtsinje umenewu ndi m'mene mpasa imakwera kuchoka m'nyanja kukaswana. Nkhalangoyo ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Chikwangwani cholozera kuchipata tinachiona, koma tinachipitirira. Njovu zimafuna tsiku lakelake, ndipo kagalimoto kathu n'kofupika pansi.

Dwangwa imayamba ndi fungo. Makilomita 50 ndi kanthu kuchokera ku Nkhotakota, mphepo imasintha n'kukhala yotsekemera koma yolemera, ya nzimbe zowotcha ndi madzi ake owira, kenaka minda ya nzimbe imatambalala mbali zonse mpaka kumene maso amalekezera, yobiriwira pamene dziko lonse lauma, ngalande za madzi zikudutsa pakati. Fakitale ya shuga ya kuno inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo pano ili m'manja mwa Illovo. Pafupi pake pali ina yopanga ethanol, amene amasakaniza ndi petulo, moti mwina kagalimoto kathu kankamwa zochokera m'minda yomweyi. Julaye ndi nyengo yodula, ndiye mathirakitala ndi malole odzaza nzimbe zakuda ndi mwaye anali mumsewu, zina zikugwa, ana akuthamangira kutola. Tinaonanso zipsera za madzi osefukira amene anavuta dera lino kumapeto kwa Febuluwale chaka chomwecho: mchenga utaunjikana m'minda, nyumba zotsala khoma limodzi, ndi malo amene msewu unaduka n'kukwiriridwa ndi miyala. Pamsika wa Dwangwa pali phokoso la tauni ya anthu olandira malipiro, masipika akulira m'sitolo iliyonse. Tinamwetsanso mafuta, tinadya tchipisi cha pachiwaya cha K1,500 mbale, tsabola wake wondikhetsa misozi.

Ndiye kuyambira cha ku Ngala, nyanja ija inabwera n'kukhala nafe. Mapiri a Viphya amasendera kufupi kudzanja lamanzere, chigwa chimapanikizika, msewu umasowa kothawira ndipo umatsata gombe. Ukakwera kachitunda, madzi abuluu ali pansipa mpaka kutsidya. Ukatsika, uli pakati pa mudzi, mabwato ali pakhomo, makoka atayanikidwa pamchenga. Pa mlatho wa Dwambazi tinatuluka m'chigawo chapakati n'kulowa m'boma la Nkhata Bay, ndipo moni wa pamsewu anasanduka wa Chitonga. Achemwali anasiya kufunsa mafunso. Alamu anatsitsa liwiro osauzidwa ndi munthu.

Kuno chimanga chimachepa, chinangwa ndicho mwini dziko. Pakhomo lililonse pali thandala la chinangwa chonyika chikuuma, chili mbee, ndipo ukadutsa pafupi ndi zithaphwi zimene amachinyikamo, kafungo kowawasa kamakulowa m'mphuno. Nyumba zambiri ndi za malata, zina zazikulu ndithu koma zotseka, eni ake ali ku Joni. Atonga anayamba kalekale kupita kummwera kukagwira ntchito. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, kwawo kunali ku Chifira, kufupi ndi Bandawe konkuno. Tinadutsa pa Tukombo, kwawo kwa malemu Aleke Banda, kenaka pa Kande, pomwe kachilumba kamaoneka pafupi ndi gombe moti umaganiza kuti ungasambire n'kukafika. Mnyamata wina wa pamenepo anati alendo ena amaterodi. Ine ndinangomuyang'ana.

Ku Bandawe umapatuka pa msewu waukulu n'kutsata kanjira ka mchenga pakati pa minda. Amishoni a Livingstonia anayamba ntchito yawo ku Cape Maclear mu 1875, anasamukira kuno mu 1881 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws pothawa malungo, ndipo malungo atawapezanso, likulu lawo analikweza kuphiri ku Khondowe mu 1894. Tchalitchi chakale cha njerwa chikadalipo, chachitali, chozizira mkati, mawu ako amabwerera ukayankhula. Chapafupi pali manda a amishoniwo. Ndinawerenga zaka zolembedwa pamiyala: ambiri anali achinyamata, ena makanda. Gogo wina amene ankasesa pabwalo anatitsegulira chitseko, ndipo potuluka tinaponya kangachepe m'bokosi la zopereka.

Nkhomaliro tinadyera pa Chintheche, m'kanyumba kodyera ka makatani a buluu kuseri kwa msika. Mayi wa pamenepo anafunsa ngati tikufuna nsima ya ufa woyera kapena kondowole, ndipo ine, pofuna kuoneka wozolowera, ndinati kondowole. Inabwera yotuwirako, yonyezimira, ndi usipa waawisi wofutsa ndi chigwada chotendera, zonse K3,500. Kondowole sagonja msanga. Ukati uteme mbamu, imatamuka n'kukutsatira, imakakamira ku zala, ndipo ukayamba kuitafuna ndiye walakwitsa. Mayi uja anandiyang'ana kanthawi, kenaka anabwera ndi mbale ya madzi.

"Nyowetsani dzanja kaye, achimwene. Mukatema, mupotokole. Ndipo musatafune, ingomezani."

Ndinatero. Inatsika bwino, ndipo njala sinandipezenso mpaka usiku.

Mchenga wa ku Chintheche ndi woyera ndi wosalala, umalira pansi pa phazi ukamayenda. Ngakhale madzi anali atadya mbali ina ya gombe, lotsalalo linali lokwanira. Pa malo amene tinaloweramo anatilipiritsa K2,000 munthu mmodzi kuti tikhale ndi kusambira. Tisanalowe m'madzi tinafunsa mlonda, poti nyanja ino ili ndi malamulo ake: pafupi ndi mathiriro a mitsinje pamatha kukhala ng'ona, ndipo m'madzi odekha a m'mabango, momwe mumakhala nkhono, ndi momwe munthu amatengera likodzo. Anatilozera pamalo pa miyala, poyera, pamene mafunde amamenya. Madzi anali ozizira pang'ono, oyera moti ndinkaona zala za kumapazi, ndipo timbuna tamitundumitundu, tabuluu ndi tachikasu, tinkazungulira miyala osandiopa. Nkhwazi ziwiri zinali pamtengo wouma, zikulira mopokezana, mitu itagadamira kumwamba.

Kenaka achemwali anakuwa. Utsi pakati pa nyanja! Mizati itatu yakuda inaima pamadzi kutali, ikupendekeka ndi mphepo. Ine ndinaganiza kuti boti lapsa. Mlonda anaseka. Zinali nkhungu, tizilombo touluka timene timaswana pansi pa madzi n'kutuluka tonse pamodzi mwa unyinji wosawerengeka. Anati mphepo ikazikankhira kumtunda, amayi amazikola ndi malichero onyowa, n'kuziumba timitanda, kuzikulunga m'masamba a nthochi ndi kuziphika, ndipo imakhala ndiwo. Tsiku limenelo mphepo inazipititsa kwina.

Kuchoka pa Chintheche kukafika ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 40, ndipo msewu umaisiyanso nyanja n'kulowa kumtunda. Dziko limasanduka lonyowa, la nthochi ndi mitengo italiitali, kufikira utalowa m'munda wa mitengo ya labala wa Vizara. Mumdima wa masana. Mitengo inabzalidwa m'mizere yowongoka, nthambi zake zinakumana pamwamba pa msewu, ndipo thunthu lililonse lili ndi chipsera chocheka mopendekera, utomoni woyera ukutsetserekera m'kakapu komangirira pamtengo. M'mbali mwa msewu anyamata amadunditsa mipira yopota ndi timizere ta labala, akuiponya m'mwamba kuti oyendetsa galimoto aione. Alamu anagula umodzi wa K1,500 woti akapatse ana. Umadunda kuposa wa m'sitolo, koma fungo lake ndi la labala waiwisi, ndipo pofika pa mphambano ya ku Nkhata Bay unali utasamutsidwira kubuti.

Pa mphambanopo M5 imapitirira kukwera ku Mzuzu, makilomita osakwana 50, pamene kamsewu ka kudzanja lamanja kamatsetserekera kudoko. Nkhata Bay ndi tauni yopanikizika pakati pa mapiri ndi madzi, nyumba zinakwerana m'zitunda, ndipo malo oimika galimoto ndi osowa. Tinaipeza ili piringupiringu chifukwa Ilala inali itafika. Sitima imeneyi inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa n'kulumikizidwa konkuno ku Malawi, ndipo yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951, kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba, kudzera ku Likoma ndi Chizumulu. Pagombe panali matumba a ufa ndi a simenti, malata, makireti a zakumwa, njinga yamoto, matiresi okulunga, nkhuku m'zitete, ndi anthu atakhalira katundu wawo akudya nthochi. Fungo la dizilo, la nsomba zouma ndi la thukuta linali limodzi. Hutala ya sitimayo italira, ndinadzidzimuka mpaka kugwetsa botolo la madzi.

Padoko pomwepa ndi pamene panachitikira zoopsa za pa 3 Malichi 1959. Boma la atsamunda litalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, anthu omangidwa anawakweza m'sitima ya Mpasa, ndipo khamu linasonkhana pano kufuna kuti abale awo amasulidwe. Asilikali anawombera, n'kupha anthu osachepera 20. Mwambo wowakumbukira umachitikira kuno chaka ndi chaka. Malowo ndi aang'ono kuposa m'mene ndinkaganizira ndili pasukulu. Kuchokera pamene panaima khamulo kufika pamadzi ndi mayadi owerengeka chabe, ndipo lero pali mayi wogulitsa mandasi.

Tinapeza chipinda pa chitunda cha kummwera kwa tauni, chotsikira masitepe amiyala ambiri moti mawondo ananjenjemera, K40,000 usiku umodzi, khonde lake lili pamwamba penipeni pa madzi. Kuno nyanja ndi yakuya, yobiriwira mwakuda, gombe lake ndi la miyala, ndipo mabwato amadutsa pansi pa khonde opalasa akucheza mokweza mawu. Chigawo chakumpotochi ndi kumene nyanjayi imazama kwambiri, mpaka mamita pafupifupi 700.

M'mawa mwake nkhani inali ya njira yobwerera. Alamu ankafuna kukwera ku Mzuzu n'kutsika ndi M1 kudzera ku Chikangawa, Jenda ndi Kasungu, ati kumeneko kulibe milatho yodikirirana. Achemwali ankafuna kubwerera momwe tinadzera, chifukwa mpunga wa ku Nkhotakota anangounkhiza osagula, komanso panali kanjira kena kolowera kugombe cha ku Ngala kamene tinakapitirira. Anakambirana tikuyenda kupita kumsika, kumene batala anali atangofika, nsomba zonona za m'madzi akuya zimene anthu a kuno amazinyadira. Wogulitsa anati zitatu K12,000.

"Zikafika ku Lilongwe zimenezi?" anafunsa achemwali.

"Mukadzera ku Mzuzu, mugule ayezi, zikafika. Mukadzera kunyanja, amayi, kutentha kumeneko, bola ndikuwambireni. Mubwere 11 koloko."

Achemwali anamupatsa ndalama n'kumuuza kuti awambe.